Mchere wa m'Kachitini ka Mwenye

Amuna anga anabwerako ku mtengatenga ali ndi miyendo yonse iwiri ndi manja onse awiri, ndipo anthu a m'mudzi anati tili ndi mwayi. Anzawo ena amene anagwidwa nawo limodzi kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya azungu ija sanabwerere, ngakhale uthenga woti anagwera pati sunafike. Ine ndinavomera kuti ndi mwayi. Ndinaimba nthungululu, ndinapha nkhuku. Koma sabata isanathe ndinadziwa kuti mimba imene anapita nayo si imene anabwera nayo.

Ankati ku ulendoko ankadya mpunga ndi nyemba zosapsa, zophika mothamanga, tsiku lina ufa wongoviika m'madzi a pachithaphwi, kenako n'kusenzanso. Mimba inaphunzira zakezake. Akadya pang'ono chabe inkafufuma n'kulimba gwa, moti ukaigogoda ndi chala inkalira ngati ng'oma. Ankatha masiku anayi, mwina asanu, osachita kanthu kuthengo. Ndinkawaona m'mawa akulowera kuseri kwa chulu, kukhalako mpaka mame kuuma, n'kubwerako thukuta lili kamukamu m'chisanu cha kwathu kuno, maso ofiira. Mwamuna wamkulu sauza mkazi wake kuti walephera. Ndinkangoonera mayendedwe.

Ine ndinali mtengwa. Kwathu ndi ku Mphunzi, kunsi kwa mapanga ojambulidwa aja, koma amuna anga anandipempha kwa abale anga n'kunditengera kwawo ku Kaphuka, chifukwa amayi awo anali amasiye ndipo minda inali yambiri. Tinabatizidwa limodzi, ndipo ndi ku mishoni komweko kumene ndinaphunzira zilembo zimene ndikulembera izi. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene anali atangoyamba kuyenda pamene bambo ake ankagwidwa. Madzinja awiri ndinalima ndekha, ndipo mudzi ulibe ntchito ina yoposa kuwerenga mapazi a mkazi amene mwamuna wake kulibe. Ndikachedwa kudambo, nkhani. Ndikaseka ndi munthu panjira ya kutchalitchi, nkhani. Amalume a amuna anga, mwini mbumba yonseyo, munthu amene moni wake kwa ine unkathera pakhosi, anali atanena kale pamowa kuti mtengwa wa ku Mphunzi uja tidzamuona mwamuna wake akabwera. Ine pakamwa sipandilemera, ndinabadwa choncho. Ndinauza amene anandibweretsera mawuwo kuti akawauze amalumewo atsukiretu m'maso kuti adzaone bwino. Mawu anga anafika, ndipo anasungidwa.

Apongozi anga aakazi anali munthu wosalankhulalankhula. Ubatizo anaukana, ankati akalamba kale ndi zimene akudziwa. Sankandida, sankandikondanso. Ankandiyang'ana momwe mlimi amayang'anira mitambo, kuti kaya igwa kaya ipita. Ndiwo anayamba kulimbana ndi mimba ya mwana wawo: mizu yowawa, mafuta a nsatsi, mphini zozungulira mchombo. Zina zinkatsegula tsiku limodzi, mawa lake n'kutsekanso kuposa kale.

Ku boma la Dedza kunali mwenye wina wa sitolo ya malata, wogulitsa nsalu za biriwita, mikanda, makasu ndi sopo. Amuna anga ankamusenzera mitolo ya nsalu kale nkhondo isanabwere, choncho ankadziwana. Tsiku lina tinapitako awiri, ine nditasenza dengu la nyemba kuti tikasinthe ndi khasu. Titafika pakhonde la sitolo mimba inawagwira, anangoti khale pansi, manja onse pamimba. Mwenye uja anatuluka, anagwada osaopa fumbi pa zovala zake zoyera, n'kukanikiza mimba ndi zala uku ndi uku. Kenako analowa, osati m'sitolo, koma kuseri kunyumba yake yogona, n'kubwera ndi kachitini kakang'ono ka tiyi.

"Iyi dawa ya kwathu," anatero ndi Chinyanja chake chokhota. "Ine mwini kumwa. Zala zitatu, madzi ofunda, ukamaliza kudya. Mphepo kutuluka, njira kutseguka."

Anatifotokozera, theka ndi pakamwa theka ndi manja, kuti ndi mankhwala a asing'anga a kwawo a kalekale, kuti njere zake ndi utomoni wake zimabwera pa sitima, ndipo mkazi wake amasinja yekha mumtondo wachitsulo. Sanalandire kanthu, ngakhale nyemba ya m'manja. Nditatsegula kachitiniko ndinabweza mutu. Unali ufa wa mtundu wa dothi la pachulu, fungo lake la mazira owola osakaniza ndi adyo. Panjira ndinawauza amuna anga kuti chinthu chonunkha chotere mimba ikangochimva idzatseguka yokha pothawa. Anaseka atagwira m'nthiti, n'kundipempha kuti ndisawaseketse chifukwa kuseka kunkawapweteka.

Ndipo ufawo unagwiradi ntchito, ndisanamize munthu. Madzulo omwewo anayamba kugeya, mphepo inatuluka mopanda ulemu mpaka mwana wathu anathawira kwa agogo ake akuseka. M'mawa mwake analowera kuseri kwa chulu n'kubwerako msanga, akuimba mluzu. Paja akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Miyezi imeneyo ndi yokhayo imene ndinakhala ndi mwamuna wanga ngati akazi anzanga. Mimba inkabwererabe, koma ikangoyamba ankasolola kachitini mu udzu wa denga, kutapa zala zitatu, kusungunula m'chikho chawo, kutsina mphuno n'kumeza. Ankachita okha zimenezi, ngati momwe ankanolera okha nkhwangwa. Ine sindinalawepo. Ndikanalawiranji chinthu chonunkha chotero, mimba yanga ili bwino?

Tsopano ndinene za mchere, chifukwa ana a masiku ano ena sazidziwa. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'chakudya cha munthu. Amaphika zonse, koma mcherewo amaitana mwana wosakula kuti athire. Akathira yekha, amene wadyayo wadulidwa: amatupa, amasanza, amafa ngati sanathandizidwe msanga. Umenewo ndiwo mdulo. Ndipo mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere zimachitika zomwezo, moti anthu akamva mdulo sathamangira kuganiza za mwezi. Ku mishoni ankatiuza kuti zimenezi ndi zachikunja. Tinkavomera m'tchalitchi, koma sindikudziwa mkazi ngakhale mmodzi wobatizidwa amene ankathira mchere masiku akewo. Panalinso mikanda. Ukalowa kumwezi unkapachika mikanda yofiira pakhoma pafupi ndi pogona, kuti mwamuna adziwe popanda kuuzidwa.

Inali nthawi yokumba mbatata ya kachewere, mphepo ikuluma makutu. Dzulo lake amuna anga anali ku dima kukalimira mnansi, kumene anadya nyemba zambiri ndi thobwa, anzawo akuwakakamiza kuti munthu wochira adye ngati mwamuna. M'mawa analawirira kumunda. Ine podzuka ndinapeza kuti ndalowa kumwezi. Ndinati mikanda ndipachika ndikabwera kumadzi, ndipo nditabwera kumadzi ndinayamba zina.

Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva kubuula pakhomo. Anali iwo, opanda khasu, mawondo ali dothi lokhalokha. Ndinawakokera m'nyumba. Ululu umenewu sunali wa masiku onse. Unkabwera ngati munthu akufinya nsalu, n'kuleka, n'kubweranso.

"Amake mwana, ufa uja," anatero.

Ndinasolola kachitini. Manja awo sakanatha kugwira chikho. Ndinatapa ndekha zala zitatu, ndinathira m'madzi ofunda, ndinavundula ndi chala changa chomwe, ndinawadzutsa mutu n'kuwamwetsa. Mumtima mwanga munalibe chilichonse koma kuti mankhwala ndi mankhwala. Atagona cham'mbali ndinakumbuka mikanda ija, ndipo ndinaipachika.

Ufa sunagwire. Sanageye, mphepo sinatuluke. Dzuwa litapendeka anayamba kusanza, ndipo mimba inakula mokhota, mbali imodzi kuposa inzake, khungu likunyezimira. Ndinathamanga kukaitana apongozi. Anabwera ndi amalume aja pambuyo pawo.

Apongozi anagwada, anagwira mimba, anagwira mapazi. Anakweza maso n'kuona mikanda yofiira pakhoma. Anaona chikho, anaona kachitini kali pansi chitsegukire. Ananyowetsa chala ndi malovu, anagunda ufawo n'kuika pa lilime. Anakhala kanthawi akulawa.

"Muli mchere umu," anatero.

Amalume analanda kachitini, analawa nawo, analavula. Anayang'ana mikanda, anayang'ana ine.

"Wasungunula ndani ufawu lero?"

Amene anayankha ndi amuna anga, ali chigonere, mawu akutuluka pakati pa mano.

"Ndasungunula ndekha. Masiku onse ndimasungunula ndekha, mukudziwa inu."

"Ndikufunsa mtengwayu."

"Mwafunsa, amalume, ndayankha ine mwini mimba. Iyeyu anali kumadzi."

Amalume anandiyang'anabe, akudikira kuti nditsegule pakamwa. Ndinaweramitsa mutu. Apongozi anatseka kachitini n'kukaika pakhonde.

Ndinkadziwa bwino chimene ndinkabisira. Ndikanati ndine, amalume sakanamva za mikanda yochedwa kupachika. Akanamva za madzinja awiri aja. Mwabvi boma linali litaletsa, koma malire ali pafupi, ndipo tsidya la Apwitikizi kunali anthu amene ankamwetsabe. Akazi awiri a m'midzi yoyandikana nafe anapita nawo kumeneko ine ndili kale ku Kaphuka, ndipo anabwerako mmodzi. Ankati wosalakwa amasanza. Ine sindinkadziwa ngati ndili wosalakwa, poti mchere ndinathiradi.

Koma ndinkadziwanso china, ndipo ichi ndicho chimandidya mpaka lero. Mdulo uli ndi mankhwala ake. Pali mizu imene amakumba, ndipo imagwira pokhapokha wolakwayo wavomera yekha ndi pakamwa pake, n'kuthira mchere m'mankhwalamo ndi dzanja lomwe linalakwalo, n'kumwetsa wodwalayo. Popeza amuna anga anati anasungunula okha, mdulo panalibe, ndipo popeza mdulo panalibe, za mizu imeneyo panalibe amene anatchula. Anabwerera ku mafuta a nsatsi ndi mphini. Mafutawo ankangobwerera momwe alowera.

Tsiku lachiwiri masana anthu anatuluka kukadya, tinatsala awiri. Nkhope yawo inali italowa m'kati, milomo itang'ambika. Ndinagwada pafupi ndi khutu lawo.

"Bambo ake mwana, ndiloleni ndinene. Akumbe mizu ija."

Anapukusa mutu.

"Mukanena, amalume akupititsani kutsidya. Mwanayu alere ndani?"

"Nanga inu mufe ndikuona?"

"Mimbayi ndinabwera nayo ku ulendo. Anzanga ankafa chonchi panjira, kunalibe mkazi, kunalibe mchere." Anapuma kanthawi, ululu utawagwiranso. "Si inu munabatizidwa? Zamcherezi mumazikhulupirira?"

"Nanga inu simuzikhulupirira?"

Anandigwira dzanja, lomwe lija, n'kulifinya ndi timphamvu timene tinatsala.

"Musanene. Ndakuletsani ine."

Ndakhala ndikudziuza zaka zonsezi kuti ndinamvera mwamuna wanga, monga amatiphunzitsira. Koma ine sindinali mkazi womvera. Anandiletsapo zinthu zambiri, kuyankha amalume, kupita ndekha kumsika wa kuboma, ndipo zonsezo ndinkachita iwo akuona. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinawamvera m'ukwati wathu wonse ndi ichi chimene chinkapulumutsa khosi langa. Ndinali ndi mantha, basi. Ndinkaopa chikho cha mwabvi kuposa momwe ndinkaopera umasiye, ndipo ndikuchita manyazi kulemba zimenezi.

Amalume anati wodwalayo sangapirire pa machira mpaka ku mishoni, ulendo wa tsiku lathunthu m'mapiri, ndipo apa sananame. Ansembe anali pa ulendo kumidzi ina. Anabwera mphunzitsi wa katekisimu, anawerenga mapemphero, anafunsa wodwalayo ngati ali ndi kanthu pamtima. Amuna anga anati alibe. Ine ndinali pakhomo ndikumva, ndikudziwa kuti munthuyo akupita kwa Mulungu ndi bodza m'kamwa chifukwa cha ine.

Tsiku lachitatu zimene ankasanza zinali zakuda, za fungo la zimene zinkakana kutuluka njira ina ija. Ndinkapukuta ndi masamba n'kukataya, n'kubwera kudzapukutanso. Apongozi anakhala kumutu, ine kumiyendo. Masiku atatu onsewo sitinalankhulane kupitirira pa "madzi" ndi "mutembenuze". Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe, kawiri konse ndinafunsa za nkhuni. Cha m'masana ululu unaleka mwadzidzidzi, anati akupeza bwino, anapempha kuona mwana. Ine wopusa ndinakondwa. Apongozi anatembenukira kukhoma, poti iwo ankadziwa tanthauzo lake. Dzuwa lisanalowe anatisiya.

Adzukulu okonza maliro anavutika kukulunga mtembo mu mphasa chifukwa cha mimbayo. Pamaliro amalume analankhula nthawi yaitali za mankhwala a alendo, kuti munthu wasiya mizu ya makolo ake n'kukamwa zonunkha za amwenye. Mlandu wonse unagwera pa kachitini, ndipo anakaponya m'manda momwemo. Ine anandimeta, anandimanga chingwe chaumasiye, akazi anandilirira ngati mnzawo wosalakwa.

Patapita mwezi ndinapita kuboma ndekha. Ndinafika pa sitolo ija mtima uli pamoto, ndikufuna munthu woti ndimutukwane. Mwenye ataona mutu wanga wometa anasiya mkono wa nsalu umene ankayeza.

"Ufa wanu uja," ndinatero, moni osapereka, "munali mchere?"

"Mchere ulipo," anayankha modabwa. "Mchere wakuda, wa kwathu. Ndi umene kununkha. Popanda mchere dawa palibe."

"Bwanji simunanene?"

Anatambasula manja. Sankamva chimene ndikufunsa. Kwa iye zinali ngati ndamufunsa chifukwa chimene sananenere kuti m'phala muli ufa. Nditamufotokozera momwe amuna anga anafera, kusanza ndi mimba yokhota ija, anakhala pa thumba n'kugwira mutu. Anati ufa wake ndi wa mphepo ndi kudzimbidwa wamba, koma mimba ikatseka n'kuyamba kusanza imeneyo ndi nthenda ina, matumbo apotana, ufa sungathe, ngakhale kwawo anthu amafa nayo. Maso ake anali ndi misozi. Ndinabwera ndi matukwana odzaza dengu, ndinabwerera nawo osatsitsa ndi limodzi lomwe.

Mawu akewo anandigwira masiku angapo, kenako anandisiya. Mwenye sadziwa mdulo, angaukane bwanji? Ansembe atabwera kudzachita Misa kumudzi kwathu ndinalowa kukalapa, ndinanena zonse, mikanda, chala chovundulira, bodza la amuna anga, chete wanga. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati mchere ndi mchere, sudziwa dzanja limene lauthira, ndipo pa zimenezi palibe tchimo loti akhululukire. Anandipatsa mapemphero ochepa chifukwa chokhulupirira zachikunja. Ndinatuluka ndi katundu yemwe ndinalowa naye.

Ndinakhala pamudzipo mpaka mvula inagwa, chimanga chinacha, anaphika mowa womaliza maliro n'kundimetanso. Atatero amalume anandisudzula pamaso pa abale anga, kuti ndine womasuka kubwerera ku Mphunzi ndi mwana wanga. Sanapeze pondigwira, ndipo zinkaoneka kuti zikuwawawa.

M'mawa wonyamuka abale anga anatsogola ndi akatundu. Apongozi anati andiperekeza, anabereka mdzukulu wawo kumbuyo. Tinayenda kudutsa minda imene ndinalima ndekha ija, mpaka pa kamtsinje kamene woperekeza amabwererapo. Pamenepo anamasula mwana, anamupukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu, n'kumuuza kuti athamangire abale anga aja kutsogolo. Tinatsala awiri.

"Mwana wanga tsiku lija anabwera chokwawa kuchokera kumunda," anatero, akuyang'ana madzi. "Ndinamuona ndili kunkhokwe, ndinayesa ndi mimba ya masiku onse ija. Khasu linamukanika kugwira. Chikho akanachigwira bwanji?"

Ndinakhala pansi pa mwala.

"Amayi, munkadziwa?"

"Ndinadziwa pamene ndinalawa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene pamaso pa mlongo wanga uja? Akanakutengera kutsidya m'mawa mwake, ndipo mwana wanga akanafa akundida. Komanso mankhwala aja sagwira munthu akachita kuululidwa. Afunika abwere yekha." Anatembenukira kwa ine. "Mizu ndinakumba madzulo omwewo. Ndinaibisa pansi pa nkhokwe, ndi kamchere pa tsamba. Ndinkati ubwera kuseri kwa nyumba undiuze, tichite awirife, wina osadziwa. Ndinkatuluka dala kupita kunkhokwe kuti unditsatire."

Ndinakumbuka pomwepo kutuluka kwawo kuja, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, akudutsa pafupi nane pang'onopang'ono. Ine ndinkayesa akukalira.

"Kapena akanafabe," anatero. "Sindikudziwa. Ine mizu imeneyo ndinaionapo ikugwira, ndinaionaponso ikulephera. Koma tikanayesa."

Sanakweze mawu, sananditukwane. Akanandimenya ndi mwala umene ndinakhalirawo ndikanathokoza. Ndinagwira mapazi awo ndikulira, ndikuti ndinkaopa, amayi, ndinkaopa. Anandisiya ndilire pang'ono, kenako anachotsa mapazi awo m'manja mwanga mosakankha.

"Ndikudziwa kuti unkaopa. Inenso ndinkaopa. Ndinakudikira masiku atatu, iwe mwana."

Anakonza nsalu yawo paphewa n'kuyamba kukwera chitunda kubwerera kumudzi. Ndinawayang'ana mpaka analowa m'chimanga chouma, ndipo sanacheuke.